Funso Lopanda Mau

Nkhani ya sabata ino ndi ya kabokosi kakang'ono kamene aliyense wogwiritsa ntchito kompyuta kapena lamya ya m'manja adakaonapo. Kamakhala pamwamba, koyera, ndipo pambali pake pamakhala chithunzi cha galasi lokulitsira zinthu. Munthu akafuna dzina la mnzake pakati pa maina mazana, kapena kalaliki wa ku chipatala akafuna khadi la wodwala, amalemba zilembo zingapo m'kabokosi kameneka, nadina batani, ndipo makina amamubweretsera chimene akufuna. Koma tsiku lina chala chimafulumira, batani nkudinidwa m'kabokosi musanalembedwe kanthu. Kodi pamenepo makina ayenera kuchitanji? Funsoli limamveka lachibwana, komatu lavutitsa olemba mapulogalamu a kompyuta kwa zaka zoposa 50, ndipo kulephera kuliyankha bwino kwaonongetsa chuma chambiri.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, omvera akumbukire kalaliki wa pa ofesi ya boma m'masiku amene zonse zinkalembedwa m'mabuku akuluakulu a kaundula. Munthu afika pa zenera, napereka kapepala koyenera kukhala ndi dzina la amene akumufuna, koma kapepalako nkopanda kanthu. Kalaliki amakatembenuza, naona mbali zonse ziwiri, kenaka amadzutsa mutu ndi kufunsa kuti, "Bambo, kodi mukufuna dzina la yani?" Sangatulutse mabuku onse a m'kabati ndi kuwaunjika pa zenera. Sangamuuzenso munthuyo kuti dzinalo mulibe m'kaundula, pakuti dzina silidatchulidwe nkomwe. Palibe amene adamuphunzitsa zimenezi ku sukulu. Ndi nzeru zimene munthu amakula nazo.

Kompyuta ilibe nzeru zoterezi. Imachita zokhazo zimene wolemba pulogalamu adailamula, motsatira ndondomeko imene iye adaika. Ngati wolembayo adaiwala kunena zoyenera kuchita ndi kabokosi kopanda mau, makina saima kuti afunse. Amangopitirira ndi malangizo otsatira ngati kuti zonse zili bwino, ndipo chotulukapo chimakhala chimene palibe munthu adachifuna. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Pali mayankho anai amene makina angapereke pa funso lopanda mau. Loyamba ndi kutulutsa zonse. Makaundula ambiri a m'kompyuta amafunsidwa m'chinenero chotchedwa SQL, chimene chidayambira ku kampani ya IBM ku America m'zaka za m'ma 1970. M'chinenero chimenechi chizindikiro chija cha peresenti chimaimira zilembo zilizonse, kaya zambiri, kaya zochepa, kaya palibe ndi chimodzi chomwe. Kalaliki akalemba zilembo zinai izi, a, n, d, a, pulogalamu imaika chizindikirocho kutsogolo ndi kumbuyo kwa zilembozo, ndipo makina amatulutsa a Banda, a Manda ndi ena onse amene m'dzina lawo zilembozo zimatsatizana chotero. Tsono kalaliki akapanda kulemba kanthu, pamatsala zizindikiro ziwiri zokha zogundizana, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti chilichonse chotsatidwa ndi chilichonse. Dzina lililonse limakwana pamenepo, kotero kuti makina amayamba kutulutsa kaundula yense.

Ngati ndi m'lamya ya munthu mmodzi momwe muli maina 200, yankho limeneli ndi labwino ndithu, popeza mwini wake amaona anzake onse ndi kusankha amene akumufuna. Koma makaundula ena ndi aakulu zedi. M'chaka cha 2017 Amalawi oposa 9 miliyoni adalembetsa kuti alandire chiphaso cha unzika. Maina ochuluka chotero atasindikizidwa 50 pa tsamba lililonse, pangafunike masamba 180,000. Pulogalamu yolembedwa mosasamala itapatsidwa kaundula wa msinkhu umenewo, chala chimodzi chofulumira chingaichititse kuyesa kutumiza maina onsewo nthawi imodzi, ndipo akalaliki ena onse amene akugwiritsa ntchito makina omwewo angaone ntchito yawo itaima. Palinso choopsa china choposa kuchedwa. Munthu amene adaloledwa kufufuza dzina limodzi angathe kuona maina, midzi ndi masiku obadwira a anthu ena onse amene sizimukhudza.

Yankho lachiwiri ndi kunena kuti palibe chapezeka. Limeneli silitopetsa makina, koma ndi bodza, chifukwa makinawo sadafufuze kanthu. Namwino wotanganidwa, amene pa khomo pake pali mzere wautali wa odwala, sangazindikire kuti dzina silidalowe m'kabokosi. Akawerenga kuti palibe chapezeka, amaganiza kuti wodwalayo ndi watsopano, namutsegulira khadi lina. Kuyambira tsikulo munthu mmodzi amakhala ndi makhadi awiri, mankhwala amene adalandira chaka chatha ali pa khadi loyamba, a chaka chino ali pa lachiwiri, ndipo dokotala amene adzamuone mtsogolo adzangoona theka la mbiri ya matenda ake.

Yankho lachitatu ndi kubwereza funso lapitalo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ku Bell Labs m'chigawo cha New Jersey ku America, katswiri wotchedwa Ken Thompson adalemba timapulogalamu tiwiri timene tikugwirabe ntchito mpaka lero. Koyamba, kotchedwa ed, nkolembera ndi kukonzera zolembedwa. Munthu akakauza kuti kafufuze koma osakapatsa mau, kamafufuzanso mau omwe kadapatsidwa komaliza, ndipo zimenezi zimapulumutsa wolemba kuti asamabwereze kulemba chinthu chimodzi. Kachiwiri, kotchedwa grep, nkofufuzira mau m'zolembedwa zambiri. Kameneka kakapatsidwa funso lopanda mau kamatulutsa mizere yonse. Munthu mmodzi, pa ntchito imodzi, adapereka mayankho awiri osiyana pa funso lomwelo, ndipo lililonse linali loyenera pa malo pake. Izi zikusonyeza kuti palibe yankho limene lidabadwa ndi makina. Pamafunika munthu woti asankhe.

Yankho lachinai ndi lija la kalaliki wa pa zenera, kuima ndi kufunsa. Batani lofufuzira limakhala lozimiririka mpaka munthu atalemba chilembo, kapena pamatuluka uthenga wopempha kuti alembe dzina. Ngakhale pamenepa pali msampha. Kampata kamene kamasiyidwa pakati pa mau, kamene maso a munthu sakaona, kwa kompyuta ndi chilembo ngati zilembo zina, ndipo kali ndi nambala yake, 32. Munthu akagunda mwangozi batani lalitali lija la pansi, kabokosi kamaoneka kopanda kanthu koma makina amaona kuti muli chilembo chimodzi, ndipo amapita kukafufuza maina onse okhala ndi kampata pakati. Nchifukwa chake wolemba pulogalamu wosamala amayamba wachotsa timipata ta kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka nkuona ngati patsala kanthu.

Muzu wa vuto lonseli ndi wakuti mau akuti "palibe" ali ndi matanthauzo angapo. Mphunzitsi aliyense amadziwa zimenezi kuchokera m'buku lake la malikisi. Ana asanu anayenera kulemba mayeso a masamu. Anai adapeza 50, 60, 70 ndi 80, pamodzi 260. Pa dzina la mwana wachisanu palibe cholembedwa. Mwina mwanayo adalemba nalephera mafunso onse, ndiye kuti malikisi ake ndi ziro. Mwina adadwala malungo tsikulo osabwera. Mwina pepala lake lili m'chikwama cha mphunzitsi losachongedwa. Mwinanso adasamukira ku sukulu ina ndipo mayesowo samukhudza. Kusiyana kwake kumaonekera powerengetsa. Malowo akatengedwa ngati ziro, 260 amagawidwa kwa ana asanu ndipo malikisi a pakati ndi 52. Mwanayo akachotsedwa m'chiwerengero, 260 amagawidwa kwa anai ndipo malikisi a pakati ndi 65. Woyendera sukulu amene angaone 52 adzaganiza zina za mphunzitsiyo, amene angaone 65 adzaganizanso zina, chikhalirecho ana ndi omwewo ndipo mayeso ndi amodzi.

Mngelezi wina wotchedwa Edgar Codd, amene ankagwira ntchito ku IBM mu mzinda wa San Jose, ndiye adayala maziko a makaundula a masiku ano m'chaka cha 1970. Iye adaona kuti pafunika chizindikiro chapadera chosonyeza malo amene chidziwitso chikusowa, chosiyana ndi ziro ndiponso chosiyana ndi mau opanda zilembo. Chizindikirocho chimatchedwa null. Pofika chaka cha 1990 Codd adalemba kuti chimodzi sichikwanira, pafunika ziwiri: china cha chinthu chimene chilipo koma sichikudziwika, china cha chinthu chimene sichimukhudza munthuyo. Opanga makaundula sadatsate maganizo omalizawa, ndipo mpaka lero null mmodzi amasenza matanthauzo onse.

Khalidwe la null ndi lodabwitsa. Makina akafunsidwa ngati chinthu chosadziwika chikufanana ndi china, sayankha kuti inde kapena iai. Amayankha kuti sizikudziwika, ndipo mzere wotero sautulutsa. Chotsatira chake nchakuti ngakhale pamene funso lopanda mau latulutsa kaundula "yense", munthu amene malo a dzina lake adasiyidwa osalembedwa satulukamo. Ali m'kaundula, koma wofufuza ndi dzina sadzamupeza. Opanga makaundulawo nawonso samvana chimodzi. Kaundula wa Oracle amatenga mau opanda zilembo ngati null, pamene wa PostgreSQL amasiyanitsa ziwirizi. Motero pulogalamu imodzi, itasamutsidwa kuchoka pa kaundula wina kupita pa wina, ingayambe kupereka mayankho osiyana pa funso lomwelo, popanda amene wasintha chilembo ndi chimodzi chomwe.

M'zinenero zolembera mapulogalamu mulinso null wa mtundu wina, amene ndi cholozera chimene sichiloza kanthu. Amene adamuyambitsa ndi katswiri wa ku Britain, Tony Hoare, m'chaka cha 1965, pamene ankakonza chinenero chotchedwa ALGOL W. Pulogalamu ikatsata cholozera chotere poyembekezera kupeza kanthu, imagwa pomwepo, monga munthu woponda pamene akuganiza kuti pali sitepe koma palibe. M'chaka cha 2009, pa msonkhano wa akatswiri ku London, Hoare adapepesa poyera. Adati chimenecho chinali cholakwa chimene chaonongetsa madola biliyoni imodzi, ndipo adavomera kuti adachiika chifukwa chakuti chinali chosavuta kupanga.

Tsono nkhani ifike pa zigamba. Pulogalamu ikakana kupitirira chifukwa malo ena ndi opanda kanthu, anthu sakhala pansi kudikira. Amapeza njira yolambalala. Kalaliki wofuna kuona maina onse, pamene makina akuumirira kuti alembe kanthu, amaphunzira kwa mnzake kuti akalemba kanyenyezi, kadontho kapena chilembo cha a, mndandanda umatuluka. Njirayo imafalikira mu ofesi monse, ndipo wobwera kumene amaiphunzira tsiku loyamba. Amene sadziwa ndi wolemba pulogalamu yekha, amene amakhulupirira kuti adatseka khomo. Ndipo wolemba chilembo cha a amaganiza kuti waona anthu onse, osazindikira kuti dzina ngati la Mbewe kapena Phiri mulibe chilembo chimenecho.

Chigamba chofala kwambiri ndicho kudzaza malo ndi chinthu chongopeka. Gogo wina afika kudzalembetsa, ndipo chimene akudziwa ndi chakuti adabadwa chaka cha njala ija ya 1949. Mwezi ndi tsiku sazidziwa, pakuti panalibe amene adazilemba. Makina akukana kusunga dzina lake popanda tsiku ndi mwezi. Kalaliki sangabweze gogoyo, choncho amalemba 1 Januwale, ndipo mzere umayenda. Nkovuta kumudzudzula kalaliki ameneyu, chifukwa wathandiza munthu amene anali pamaso pake. Mchitidwe womwewu ndi umene wachititsa kuti anthu ambiri othawa kwawo amene adalandiridwa ku America ndi ku Ulaya akhale ndi tsiku lobadwa la 1 Januwale pa zikalata zawo. Vuto limadza pambuyo pake. Zaka zikapita, palibe angasiyanitse amene adabadwadi pa 1 Januwale ndi amene adangopatsidwa tsikulo. Anthu awiri a dzina limodzi, a chaka chimodzi ndi a mudzi umodzi amaoneka ngati munthu mmodzi wolembedwa kawiri, ndipo woyeretsa kaundula angathe kufafaniza mmodzi wa iwo. Malo opanda kanthu ankanena zoona, kuti tsikulo silidziwika. Chigamba chidafafaniza zoonazo.

Okonza mapu ali ndi chitsanzo chawo. Malo alionse pa dziko lapansi amadziwika ndi nambala ziwiri, ina yonena kutalika kwake kuchoka pa mzere wa ikweta, ina kuchoka pa mzere wodutsa ku Greenwich ku London. Mapulogalamu ena akapanda kupatsidwa nambalazi amangoika ziro ndi ziro. Koma ziro ndi ziro ndi malo enieni, ndipo ali pakati pa nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 600 kumwera kwa gombe la Ghana. Masitolo, nyumba ndi zithunzi zosawerengeka zaonekapo pa mapu zili pa madzi pamenepo, kotero kuti okonza mapu adapatcha Null Island moseka, ngakhale palibe chilumba. Chitsime chimene mlangizi adachilemba mosatchula pamene chili chingakathere komweko, ndipo wowerenga zitsime za m'dera lake sadzachiona.

Chitsanzo china chidachitika ku California. M'chaka cha 2016 munthu wina wodziwa za makompyuta adasankha kuti nambala ya galimoto yake ikhale mau akuti NULL, popeza kumeneko munthu amaloledwa kudzisankhira zilembo. Patapita nthawi adayamba kulandira makalata a chindapusa cha milandu ya pa mseu yochitikira m'mizinda imene sadafikeko, ya magalimoto amene sadawaonepo. Chidachitika nchakuti pamene wolemba chindapusa wasiya malo a nambala ya galimoto osalemba, makina ankaikapo mau akuti NULL, kenaka nkufufuza mwini wa nambala imeneyo, ndipo ankamupeza iye. Pamene adafotokoza nkhaniyi pa msonkhano ku Las Vegas m'chaka cha 2019, zindapusazo zinali zitapitirira madola 12,000. Makina adasokoneza chizindikiro cha kusowa kwa nambala ndi nambala yeniyeni ya munthu.

Pamene malo opanda kanthu aiwalika kotheratu, zotsatira zake zimakula kuposa apa. Katswiri wa masamu wa ku India, Brahmagupta, adalemba malamulo owerengetsera ziro m'chaka cha 628, koma kugawa nambala ndi ziro kudakhalabe chopunthwitsa, ndipo lero ana a sukulu amaphunzira kuti samu yotero ilibe yankho. Pa 21 Sepitembala 1997 sitima yankhondo ya America yotchedwa Yorktown inali pa nyanja pafupi ndi gombe la Virginia. Mmodzi wa ogwira ntchito adalowetsa ziro pa malo ena m'kompyuta. Pulogalamu idayesa kugawa ndi ziroyo, idagwa, ndipo kugwa kwake kudafalikira ku makompyuta ena olumikizana nayo, kuphatikizapo oyang'anira injini. Chombo chachikulu chankhondo chidangoyandama pa madzi kwa maola oposa awiri ndi theka.

Mu Januwale 2015 zidadziwika kuti pulogalamu ya masewera yotchedwa Steam inali ndi lamulo lofafaniza zonse za m'chipinda chake chosungiramo zinthu m'kompyuta. Dzina la chipindacho linkasungidwa pa malo ena, ndipo lamulo linkawerenga dzinalo lisanafafanize. Wogwiritsa ntchito wina atasuntha chipindacho, malo a dzina adatsala opanda kanthu, ndipo lamulo lija lidasanduka lakuti fafaniza zonse kuyambira pa tsinde. Munthuyo adataya zolemba zake zonse, ngakhale zimene adasungira padera pa chosungira china chimene chinali cholumikizidwa. Patapita zaka pafupifupi zitatu, pa 28 Novembala 2017, zidalengezedwa kuti pa makompyuta a Apple okhala ndi pulogalamu ya High Sierra munthu ankatha kulemba dzina lakuti root, kusiya malo a mau achinsinsi opanda kanthu, kudina batani kangapo, ndi kulandira ulamuliro wonse wa makinawo. Kampaniyo idatulutsa chokonzera tsiku lotsatira ndipo idapepesa.

Wina angaganize kuti zolakwa zoterezi zidatha ndi zaka zakale. Pa 12 Juni 2025 makina a Google amene makampani ambiri amabwereka pa intaneti adasokonezeka m'maiko ambiri kwa maola angapo. Malinga ndi lipoti la kampaniyo, gawo latsopano la pulogalamu lidaikidwa pa 29 Meyi, ndipo munalibe malangizo a zoyenera kuchita likakumana ndi malo osalembedwa. Kwa masabata awiri zonse zidayenda bwino chifukwa malo otero sadabwere. Tsikulo lamulo lina lidalowetsedwa lili ndi malo opanda kanthu, lidafalikira ku makina a kampaniyo pa dziko lonse m'timphindi, ndipo paliponse pulogalamu idatsata cholozera chija cha Hoare, nigwa, nidzuka, nigwanso. Izi zidachitika patapita zaka 60 chiyambireni null ameneyu, pa kampani yokhala ndi akatswiri ochuluka.

Nanga olemba mapulogalamu osamala amatani? Choyamba, asanalembe mzere ndi umodzi womwe, amakhala pansi ndi amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyo ndi kufunsa kuti kabokosi kakasiyidwa kopanda mau, mwini ntchito akufuna kuona chiyani. Wogulitsa m'sitolo angafune katundu yense. Wosunga mbiri za odwala sayenera kuona dzina ndi limodzi lomwe mpaka atanena amene akumufuna. Chimene agwirizanacho amachilemba, kuti wodzakonza pulogalamuyo mtsogolo adzadziwe kuti chidachitika mwadala. Ngati mndandanda wonse ndi wofunika, amaupatsa batani lakelake ndipo amautulutsa pang'onopang'ono, maina 20 kapena 50 pa nthawi, kuti pasakhale chifukwa choti kalaliki alambalale. Amaonetsetsanso kuti kufufuza malo opanda kanthu kukuchitika kawiri, pa lamya kapena kompyuta ya wofunsa ndiponso pa makina aakulu osunga kaundula, popeza munthu wa zolinga zoipa angathe kudumpha khomo loyamba.

Pa fomu yabwino pamakhala malo olembapo kuti chinthu sichikudziwika, kapena kuti chaka chokha ndicho chikudziwika, kuti gogo uja alembedwe monga momwe zinthu zilili. Poyesa pulogalamu, woyesa wanzeru amayamba ndi kudina batani osalemba kanthu, kenaka kampata kokha, kenaka ziro, asanayese dzina lenileni. Zinenero zatsopano zolembera mapulogalamu nazo zathandizapo. Swift ya m'chaka cha 2014, Rust imene idakhazikika mu 2015 ndi Kotlin ya mu 2016 zimasiyanitsa chinthu chimene chilipo ndithu ndi chimene chingasowe, ndipo zimakana kumaliza pulogalamu mpaka wolemba atanena chochita pamene chinthucho chasowa. Zigamba sizingatheretu, chifukwa ntchito siingaime kudikira kuti zonse zikonzedwe. Koma chigamba chiyenera kulembedwa poyera kuti ndi chigamba, adaika ndani, chifukwa chiyani, ndi liti pamene chidzachotsedwe. Chigamba choiwalika chimatengedwa ngati nsalu yeniyeni, ndipo ena amasokerera zawo pamwamba pake.

Omvera ambiri sadzalemba pulogalamu, komabe nkhaniyi ikuwakhudza, pakuti maina awo ali m'makaundula, ndipo ena mwa iwo ndi amene amawalowetsamo: akalaliki a m'maofesi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, aphunzitsi akulu ndi otumiza ndalama pa lamya. Wolowetsa maina asaike ziro pamene sakudziwa nambala, ndipo asapeke tsiku pamene pali njira yosonyezera kuti silikudziwika. Ngati makina akumukakamiza kupeka, alembe m'buku la pambali amene wawapekera, ndipo auze akuluakulu a ntchito kuti fomuyo ili ndi chilema, chifukwa wolemba pulogalamu sangakonze chimene sadamve. Makina akanena kuti palibe chapezeka, wofufuza ayang'ane kaye m'kabokosi ngati dzina lidalowadi, ndipo ayesenso ndi nambala ya chiphaso kapena dzina la mudzi asanamuuze munthu kuti mulibe m'kaundula. Munthu wauzidwa choteroyo, amene mwina wayenda mtunda wautali kuchokera kumudzi, ali ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti afufuzenso mwa njira ina. Ndipo wolandira chikalata chatsopano awerenge tsiku lobadwa ndi malo ena onse asanachoke pa zenera, popeza kukonza cholakwa tsiku lomwelo nkosavuta kusiyana ndi patapita zaka.

Kalaliki uja wa mabuku akuluakulu ankadziwa kuti kapepala kopanda kanthu sikatanthauza kuti munthu akufuna mabuku onse, ndiponso sikatanthauza kuti amene akufunidwayo kulibe. Kamatanthauza kuti pali chimene sichidanenedwe, ndipo pafunika kufunsa. Makina adatenga ntchito yake yofufuza ndipo amaigwira mofulumira kuposa iye, koma funso lija lakuti "Kodi mukufuna dzina la yani?" amalifunsa pokhapokha ngati munthu wina adakumbukira kuwauza kuti azilifunsa.